Mbiri ya Munthu Wamoyo

Mbiri ya malemu imawerengedwa munthu ali m'bokosi, pamene sangathenso kutsutsa kapena kuwonjezera. Koma a Flywell Zangaphee, omwe madokotala anawauza kuti khansa yawasiyira masabata owerengeka, anafuna kumva yawo akadali moyo. Anthu a kumpingo anati kumeneko n'kudziitanira imfa. Iwo anayankha kuti imfayo inanyamuka kale, ikungochedwa pa siteji.

Ntchitoyo anaipereka kwa mwana wawo mmodzi yekhayo, Ketrina, amene ankaphunzitsa ndakatulo zamakedzana payunivesite ku Hillhead, mumzinda wa Glasgow. Zinali ndakatulo zazitali zonena za ankhondo omwe ankalolera kufa ali anyamata bola dzina lawo liziimbidwa. Kwa zaka zambiri bamboyu ankainyoza ntchitoyi, amvekere mwana wanga amadyera anthu akufa ngati fisi. Lero fisi uja anafunika.

Ketrina anafika kwa bambo ake ku Springburn Loweruka masana, pepala lili m'chikwama. Pamwamba pa bedi la bambo ake panali chithunzi cha m'nyuzipepala, iwo atafunda bulangete la apolisi m'mbali mwa ngalande ya ku Maryhill. Mmalawi aliyense mu Glasgow ankaidziwa nkhaniyo: zaka makumi awiri ndi zitatu zapitazo nkhalamba ina yachizungu inaterereka n'kugwera m'madzi ozizira, a Zangaphee, dalaivala wa basi wochokera ku Ntcheu, n'kuivuula. Ukulu wa mpingo anaupezera pamenepo, ndipo paukwati uliwonse ankawakhazika kutsogolo. Ketrina ankadana nacho chithunzicho, chifukwa tsiku limenelo analipo, ali ndi zaka zisanu ndi zinayi, ndipo anali ndi maso.

"Werenga," anatero a Zangaphee osamulonjera.

Anawerenga za kubadwa kwawo, za sukulu, za kubwera kuno, za mabasi omwe anayendetsa. Iwo anagwedeza dzanja monyansidwa.

"Izo ndi za m'pasipoti. Ndikufuna za ngalande. Uzilembe ngati za ankhondo akowo."

"Ankhondo angawo ankalowa okha m'madzi, Adadi."

"Wati chiyani?"

Ketrina anatembenuza pepala. Anawerenga momveka bwino. "Tsiku limenelo malemu anaima pamtunda atanyamula chikwama cha akazi awo, a Tusekelege. A Tusekelege ndi amene anavula nsapato, nalowa m'madzi, naikoka nkhalambayo ndi kolala."

A Tusekelege, mayi ake a Ketrina, anali atamwalira zaka zisanu ndi chimodzi m'mbuyomo. Mbiri yawo, yomwe analembetsa ndi a Zangaphee omwewa, inangoti anali mayi wofatsa, wokonda Mvano. Mizere inayi basi, ndipo anthu anayasamula. Chimenecho Ketrina sanachikhululuke, ndipo kunena zoona, ndani akanakhululuka?

"Ndiye unkadikira kuti ndigwe kuti undiponde," anatero bambowo, akudzuka ndi chigongono. "Ukufuna kundivula pamaso pa mpingo? Sukulu yonseyi n'kupanda mwambo chonchi? Pepala lakolo kayatsire moto. Mbiri yanga awerenga a Hamilton, mkulu mnzanga."

"A Hamilton awerenga zimene mwawauza. Akakhala pansi, ine ndiimirira."

"Pamaliro anga?"

"Pa a Amayi ndinakhala chete. Zakwana."

A Zangaphee anatsokomola nthawi yaitali. Ketrina anaona kapu ya madzi patebulo, nachedwa dala pang'ono asanawapatse, ndipo anachita manyazi ndi kuchedwako. Atamwa, anamuyang'ana ndi maso ofiira.

"Umadziyesa wodziwa, iwe. Unaona ndi maso a mwana. N'chifukwa chiyani amayi ako anakugwira dzanja n'kuthamanga nawe kunyumba, madzi akuchucha, apolisi asanafike?"

"Munawathamangitsa ndinu."

"Viza yawo inali itatha, ndi yako yomwe. Apolisi akanangofunsa dzina, nonse awiri mukanakwera ndege. Anandikankha ndi iwowo, akuti pitani mukanyowe, munene kuti ndinu. Ndinalowa mpaka m'chiuno, nkhalamba ili kale pamtunda, ine wosadziwa n'kusambira komwe. Udokotala wako wa ndakatulowo unachokera m'bodza limenelo. Kalembe zimenezo."

Ketrina anakhala pampando. Izi sankazidziwa, ndipo zinamupweteka kuposa chipongwe chija. Zaka zonsezi ankaphunzitsa ana a eni kuti ngwazi malipiro ake ndi dzina, kuti yopanda woiimba imafa kawiri. Mayi ake anataya dzinalo mwadala kuti iye akhale kuno. Anafuna kulira, koma osati pamaso pa munthu ameneyu, yemwe nkhope yake inali itayamba kale kuwala ngati wapambana mlandu.

Kuwalako ndi kumene kunamubwezera mkwiyo.

"Mapepala athu anatuluka liti?"

"Patatha zaka ziwiri."

"Ndiye Amayi anakhalanso ndi moyo zaka khumi ndi zisanu. Lamulungu lililonse munkaima kutsogolo, iwo ali kukhitchini ya tchalitchi akutsuka makapu. Simunapeze tsiku ngakhale limodzi?"

"Sanapemphe."

"Akanapempha bwanji chinthu chawo chomwe?"

Bambowo anatembenukira kukhoma. Msana wawo unali utatha, mafupa okhaokha m'pijama. Atayankhula, ukali unali utachoka, kutatsala mantha enieni a munthu amene akufa.

"Ukandichotsera ngalandeyo nditsala ndi chiyani, mwanawe? Anthu adzati kunali dalaivala wina. Ndipite chimanjamanja?"

Ketrina anawamvera chisoni, ndipo chisonicho chinamukwiyitsanso. Anatulutsa cholembera, naika pepala pabondo. Analemba kuti malemu anasunga chinsinsi cha akazi awo pamaso pa apolisi ndi atolankhani, kuti ananama molimba mtima kwa zaka ziwiri kuti banja lawo lisabalalike. Anawawerengera mokweza, pang'onopang'ono.

"Basi?" anafunsa iwo, osatembenuka.

"Zaka ziwirizo ndi zanu, Adadi, ndipo ndidzazinena bwino. Madziwo ndi a Amayi."