Mowa Wosaona Moto

Pasipoti ya Kettie inali pansi penipeni pa thumba la mpunga, ndipo anaiika m'menemo ndi amayi ake, a Nyamazizi. Sanabise ayi. Mwanayo atatembenuza matiresi ndi kukhuthula chikwama kawiri, iwo anangoti, "Usadzivutitse. Ndatenga ndine. Ku Joni sukubwererako."

Basi ya ku Joni inali yonyamuka ku Lilongwe mawa lake m'mamawa. Kuti akaipeze, Kettie anayenera kukwera minibasi pa Golomoti dzuwa lisanapendeke. Anali ndi theka la tsiku basi.

Mtsikanayu anatha zaka zisanu ku Kepi, kutsogolo kwa Joni, m'minda ya mphesa. Anayamba ndi kuthyola, kenako kutsuka mathanki a vinyo. Zimenezo a Nyamazizi analibe nazo vuto, ntchito ndi ntchito. Chinawapsetsa mtima ndi chimene anamva dzulo lake, chakuti eni munda amukweza, tsopano ntchito yake ndi yolawa vinyo n'kulavula.

"Kulavula!" anatero, akupukuta manja pachitenje. "Mwana wobereka ine, kupita kutali konseko kukalavula zakumwa za eni ake? Kuno munthu akakupatsa chipanda iwe n'kulavula, umenewo ndi mlandu. Puloti yanga ku sikimu ya Bwanje ikusowa manja. Ukhala konkuno."

Anali atatuma mawu kwa mchimwene wawo, a Clement, kuti monga mwini mbumba adzaikepo mlomo. A Clement anafika pa njinga thukuta lili kamukamu, n'kudzigwetsa pampando pansi pa mtengo wa bwemba. Nkhani anaimva ndi khutu limodzi. Maso awo anali pa mtsuko wokutidwa ndi chiguduli chonyowa, momwe munatulukira khosi la botolo lobiriwira.

Kettie anagwada pamphasa. "Amayi, botolo ilo ndinabweretsera inu. Ndi vinyo amene ndinamulawa ine kuyambira ali msuzi wa mphesa mpaka kulowa m'botolomo. Lawani kaye. Mukanena kuti ndi zachabe, sindilimbananso nanu, ndikawokera mpunga."

"Wanena wekha," anatero a Nyamazizi. "Achimwene, mwamva."

Anavomera msanga chifukwa pa nkhani ya zakumwa sankaopa munthu. Kuyambira pa Golomoti mpaka ku Mtakataka, wokonda masese aliyense ankaudziwa mowa wa a Nyamazizi. Zaka makumi atatu akufulula. Ukawatungira madzi pa mjigo wa kusukulu n'kunama kuti ndi a pachitsime, ankakugwira ndi dontho limodzi. Wogulitsa chimera akabisa chachuku pansi pa dengu, ankabwerera nacho kwawo atatukwanidwa mtundu wonse.

Kettie anatsegula botolo n'kuthira pang'ono m'tambula. A Nyamazizi anaseka monyodola.

"Vinyo ameneyu? Vinyo ndimamuona pa Misa ku Mua, ndi wofiira. Izi zikungokhala ngati tiyi wa masamba obwereza katatu."

"Ukulu uyambe," anatero a Clement, n'kulanda tambulayo. Anagugudiza kamodzi, nkhope n'kukwinyika ngati aluma ndimu. "Aaa, mwana wa mlongo wanga, akupusitsa azungu. Wasasa uyu! Thiranso, ndipo ubwere ndi shuga."

Kettie anathira, koma shuga sanakatenge. A Clement anadzuka okha, kukatenga m'kabati, masupuni awiri odzaza, n'kutakasa ndi kamtengo. "Eya, tsopano wayamba kumveka ngati thobwa." Mtsikanayo anayang'ana kumbali, akuphethira kawirikawiri.

Apa a Nyamazizi anatentha mtima. Osati chifukwa cha misozi ya mwanayo, ayi. Iwo munthu wothira zinthu m'chakumwa cha mnzake asanachimvetse ankamuona ngati mbuzi yolowa m'munda.

"Achimwene, inu lilime lanu linapsa kale ndi kachasu. Iwe Kettie, tsuka tambula ina. Fulumira, ndili ndi chimera padzuwa."

Kettie atathira, iwo anailandira. Inali yozizira m'manja, kunja kwake kutachita thukuta. Anaiika pamphuno, monga amachitira akavundukula mbiya tsiku lachitatu, ndipo mawu amene anakonza kuti anene anawathawa.

Munali gwafa m'menemo, uja wongoyamba kuyezuka. Kuseri kwake udzu womweta kumene, mame asanaume. Anayang'ana m'tambulamo ngati apezamo tsamba. Munalibe kanthu, moyera mbee, mpaka ankaona zala zawo kuseri.

Anapsontha pang'ono n'kusunga m'kamwa. Choyamba chinabwera ndi kuwawasa, kolasa m'mbali mwa lilime ngati mango aawisi a mu Okutobala, malovu n'kudzaza. Iwo anadikira. Kuwawasa kotere ankakudziwa mathero ake: mowa ukataya kutsekemera konse, chotsatira ndi fungo la kuvunda, ndipo umenewo umapita kwa nkhumba. Anadikira kuvundako. Sikunabwere. M'malo mwake munabwera kuzizira kwa mwala wa mumtsinje, kamchere pang'ono, kenako m'kamwa monse munayera ngati mwasesedwa. Anatembenuka n'kulavulira pa muzu wa bwemba. Chakumwa chinachoka, koma gwafa uja anatsalabe, akuyendayenda kukhosi ngati mlendo wosafuna kutsanzika.

Nkhuku zinali pa chimera, iwo osaziona.

"Anamuphika ndi nkhuni zanji?" anafunsa motsitsa mawu. "Utsi sindikuumva."

"Saphika, amayi."

"Usandiyankhe zachibwana. Mowa wosaona moto?"

"Sauona. Timafinya mphesa, msuzi wake n'kuwira wokha."

"Mbiya yake? Dothi mulibe umu. Mgolo ukanamveka dzimbiri."

"Ndi mathanki achitsulo chosachita dzimbiri, aatali kuposa nyumba ino. Amawaziziritsa kuti kuwirako kuziyenda pang'onopang'ono, masabata atatu."

Masabata atatu! Wawo mowa akauchedwetsa tsiku limodzi m'chilimwe, wapita. A Nyamazizi anapsonthanso, kuzunguza m'kamwa, kulavula.

"Shuga wa chipatso anatheramo yense," anatero, ngati akudziyankhula okha. "Osatsalako n'komwe. Munthu ameneyu anayenda nawo mpaka m'mphepete mwa phompho, n'kuima chala chimodzi chili m'malere." Anatseka maso. "Ndipo zipatsozi sizinathyoledwe dzuwa lili pamutu. Chipatso chothyola masana chimakhala ndi kafungo kofunda. Izi n'zam'mamawa."

Tsopano wodabwa anali Kettie. "Timalowa m'munda kusanache. Ikamakwana naini tasiya. Amayi, alipo anthu ophunzira kuyunivesite amene amabwera kudzalawa, zimenezo sazimva."

"Ndiye amamva chiyani? Amakadya ndalama za makolo awo." Anagogoda tambula ndi chikhadabo. "Amene ananena kuti apa pakwana, tsekani, ndi ndani? Ndikufuna ndimudziwe munthu ameneyo."

"Timalawa anthu atatu, m'mawa uliwonse, thanki iliyonse. Pa thanki iyi awiri aja ankati tidikire masiku ena awiri. Ine ndinakana. Bwana anamvera ine."

A Nyamazizi anamuyang'ana mwana wawo nthawi yaitali, ngati wina wawabweretsera mlendo. Anakumbukira kamtsikana kaja kankakana phala kakuti mphika unaphikidwamo usipa dzana, iwo n'kumakakalipira kuti n'kamatama.

"Koma mlongo," anatero a Clement, akunyambita shuga wotsalira, "inu mwalavula kawiri. Si mlandu umenewo?"

"Nanga ndimeze? Munandionapo ndikumeza mowa ine? Wofulula akameza mbiya iliyonse, pofika masana zidakwa ngati inu zimubera ndi chipanda chomwe. Timalawa n'kula..."

Anaima pomwepo. Kettie anaweramitsa mutu, mapewa akugwedezeka.

"Ukuseka chiyani iwe?"

"Ife mathanki ndi makumi anayi, amayi."

"Ndamva! Sindine wogontha."

Anadzuka, kulowa m'nyumba, n'kutuluka akukoka thumba la mpunga. Analikhuthulira pamphasa lonse, kupisa dzanja, n'kutulutsa pasipoti yokulunga m'pepala la shuga. Kettie anatambasula manja onse awiri, koma iwo anaigwirabe.

"Botolo limeneli amagulitsa bwanji?"

"M'mahotela a ku Lilongwe limaposa thumba la mpunga ilo."

"Limodzi?" Anayang'ana tambula ya a Clement, pansi pake pali phala la shuga. "Achimwene, mwathira shuga m'thumba langa la mpunga. Mulungu akukhululukireni, ine ayi." Anatembenukiranso kwa mwanayo. "Ndipo thanki imodzi imatulutsa mabotolo angati?"

"Masauzande."

"Ndiye tamvera. Ukafika ukamuuze bwana wakoyo kuti lilime limenelo sunalitole pamsewu, lili ndi eni ake ku Golomoti. Akapanda kukuwonjezera malipiro, minda ya mphesa si umodzi. Akatchula mtengo woyamba ukane. Wachiwiri ukanenso, uyambe kumanga chitenje ngati ukupita. Ndipo chaka chamawa ubwere ndi mabotolo awiri, limodzi la thanki yako, lina la anzako odikira masiku awiri aja. Ndikufuna ndimve chimene anawononga."

"Nanga puloti?"

"Alipo amalume ako, akudya shuga wanga ulere. Akawokera iwowo."

A Clement anatsamwa. Dzanja lawo linali litayamba kale ulendo wopita ku botolo, koma a Nyamazizi analifikira msanga, kulitseka, n'kulibwezera mumtsuko.

Pasipoti anaiika m'manja mwa Kettie, koma chikwama anasenza okha pamutu. Njira ya kumsewu inali yamchenga wotentha, ndipo ankayenda patsogolo mwandawala, akukalipa kuti ana a masiku ano amachedwa pa chilichonse. Atadutsa pa chigayo anachepetsa liwiro kuti mwanayo awapeze.

"Mathanki ajawo," anatero osatembenuka, "amawaziziritsa bwanji? Fotokoza bwino, usadumphe. Minibasi ikafika idikira."