Penti wofiira m'dzenje la mzinga

Amuna anga, a Arnold, anandisiyira nkhosa, nyamakazi ndi maenje a konkire kumapeto kwa munda, moyang'ana mtsinje wa Humber. Nthawi ya nkhondo m'maenjemo munkakhala mizinga yowombera ndege za Ajeremani. Chaka chatha nkhosa yanga ya bere inagweramo n'kufa. Ndinalumbira kuti ndikwirira onse.

Ndiye boma linatuma kamtsikana ka magalasi, dzina lake Okell, kudzandiuza kuti maenjewo akhala otetezedwa ndi lamulo, akuluakulu akangosaina chikalata, ngakhale kubenthula pangodya ndi mlandu. Ndinamufunsa ngati lamulolo limadzutsa nkhosa yakufa. Atachoka ndinaitana Trevor wa katapila, chigalimoto chokumba ndi kukwirira dothi, kuti afike a boma asanasaine.

Anafika m'mawa. Tsoka ilo, mtsikana uja naye anatulukira ndi tepi yoyezera. Trevor anazimitsa injini, akuti akazi awiri akamakangana iye amayamba wadya buledi wake. Ndinamuuza kuti bulediyo amutsamwe.

Mtsikanayo anapempha chimodzi, kuti nditsike naye m'dzenje lomwe anasadzulamo minga. Ndinatsika kuti ndikamulalatire pafupi. Zaka zonsezi ndinali ndisanapondemo. Mphepo inangoti zii. Pakati panali mabawuti ozungulira, onenepa ngati mkono wanga, ndipo chigawo china cha khoma chinali ndi penti wofiira wofwifwa.

"Mayi Pask, imani apa panali mzingapa," anatero. "Pofiirapo asilikali sankaloledwa kuwombera chotsitsa. Tayang'anani pamwamba pake."

Ndinaona chumuni. Nyumba ya pakona, momwe ndinabadwira chaka cha mabomba. Mayi ankasimba kuti ankandigoneka m'dirowa ya kabati, ndege zikudutsa pafupi ndi denga, iwo akutukwana asilikali kuti bwanji sakuziwombera. Anafa akuwatcha amantha. Chikhalirecho anyamatawo ankaima pomwe ndinaimapo, ndege ikubwera molunjika pa iwo, manja ali pamzinga, kudikira kuti iyambe yapitirira denga lathu.

Ndinakhala pakonkire pozizirapo, ine wosagwada ngakhale kutchalitchi.

Trevor anasuzumira, pakamwa pali buledi. "Nanga, mayi, tikwirire?"

"Chotsa chigalimoto chakocho m'munda mwanga."

Kenako ndinatembenukira kwa mtsikana uja. "Kasaineni. Koma mpanda wa nkhosa mumange ndinu, ndipo pentiyu asamukhudze munthu."