Thabwa la Mwandida pa Kicheni Pate

Mwandida wa ku Nangongwe ankadziwa kugulitsa tomato, za matabwa ayi. Koma atamva kuti Natasha, mwana wa mng'ono wake Molly, akukwatiwa, analengeza kuti mphatso ya ku kicheni pate, phwando la azimayi lopatsa mkwatibwi ziwiya, adzaipanga yekha: thabwa lodulirapo ndiwo.

"Ba sisi, osatichititsa manyazi," anatero Molly. "Akuchimuna ni a ku Lusaka. Gulani chabe ya pulasitiki."

Chida chenicheni Mwandida anali nacho chimodzi, sowo ya malemu mwamuna wake. Anacheka chidutswa cha mtengo wa mukwa pa chitseko chakale, n'kuchipala ndi botolo losweka mpaka zala zinatuluka matuza. Maso ankati lasalala, koma poliika pathebulo thabwalo linagwedera ngati mpando wa mu minibasi.

Nzeru inamupeza akupukuta zenera. Galasi silipindika! Anazula limodzi, nalipaka makala osinja osakaniza ndi mafuta ophikira, n'kukhwekhwerezapo thabwalo. Polinyamula, malo otukuka okha ndiwo anada. Anapala pakudapo, n'kukhwekhwerezanso, n'kupalanso. Masiku asanu ndi anayi ankatero kuseri kwa thebulo la tomato, mpaka mbali zonse ziwiri zinayamba kuda paliponse mofanana. Apo analitsuka, naliumitsa pamthunzi, nalidzoza mafuta.

Pa kicheni pate mphatso iliyonse imakwezedwa, mwini wake n'kutuluka, kuvina ndi kufotokoza ntchito yake. Atadutsa mapoto onyezimira, mlangizi wa mkwatibwi, ba Winfrida, mayi wa pakamwa polasa, ananyamula thabwalo.

"Nanga ichi? Chitseko cha khola la nkhuku?"

Azimayi anafa nacho chikhakhali. Molly anangozyolika. Mwandida anamanga chitenje m'chiuno, navina mosathamanga, nagwada pamaso pa mkwatibwi.

"Mwana wanga, ni podulira ndiwo. Napanga neka."

"Mweka?" anatero ba Winfrida. "Tiyeni tione ngati silizamudulitsa chala mwana wathu."

Analiika pathebulo, nadina ngodya yoyamba ndi chikhatho. Zii. Yachiwiri, yachitatu, yachinayi anachita kutsamirapo ndi thupi lonse. Silinagwedere. Analitembenuza, nayesanso. Kenaka anaitanitsa kabichi ndi mpeni, nadula mofulumira, thabwa lili phee.

"Iyayi, amayi," anatero akupukusa mutu, "apa mwanigonjetsa."

Nthungululu zinayambira kumbali ya akuchimuna. Apongozi a Natasha anadzuka kudzalisisita, nafunsa kuti wamatabwayo amakhala kuti.

"Ni ba sisi banga aba!" anakuwa Molly, osafunsidwa n'komwe.

Mkwatibwi saloledwa kuseka kapena kuyankhula pa tsikuli. Koma ba Winfrida atati aliponye pamulu wa mphatso, Natasha anatambasula manja, nalilandira, naliika pamiyendo pake. Mwandida anabwerera kumpando wake akuvina, manja a matuza aja ali m'mwamba.