Puleni ya a Lazarus

Raphael anali atagwada kuseri kwa nkhokwe, akukwecha dzimbiri pa puleni ya bambo ake, pamene mlongo wake Maness anamupeza. Chopalira matabwacho chinagona m'palafini masiku atatu, ndipo mpeni wake unali utangomasuka kumene.

"Achimwene, mutu ukuyenda bwino? Bambo ali gone m'nyumbamu, inu mukukonza chida cha mabokosi?"

"Andituma okha."

"Ndiye akukhulupirireni ndani? Anthu ati mukuwafulumizitsa."

Maness sananame. Kumudzi munthu sakonzeratu za maliro wodwala akupuma. Koma bambo awo, a Lazarus, anakhomera anthu a ku Kandeu mabokosi zaka makumi anayi, mpaka manja atayamba kunjenjemera, ndipo imfa sankaiopa. Chimene ankaopa n'kupita m'matabwa osapala, ngati tomato wa pamsika. N'chifukwa chake anali atanong'oneza Raphael kuti, "Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Ikonze, ndione."

Raphael ananola mpeniwo pamwala tsiku lonse, ndipo kulira kwake kunafika kuchitsime. Pofika madzulo azakhali ake anali atamva kale, nkhani itamera ndi nyanga zomwe.

Lachinayi Raphael anatengera puleni ndi kathabwa kuchipinda kwa bambo ake. Anapala kamodzi, chipalo chinatuluka chopiringizika bwino. Mkuluyo anachifikisa ndi zala.

"Wanola mopendama, chitsiru iwe," anatero akumwetulira. "Koma ipala."

Loweruka m'mawa a Lazarus anatisiya.

Pa siwa palibe amene anamukalipira Raphael. Bola akadamukalipira! Amuna ankangosuntha akakhala pafupi nawo, azakhali akulira motchula "amene anatopa ndi kudwazika". Mtima unamuwawa koopsa. Komabe ananyamula puleni kupita nayo kwa adzukulu, amene anali atayamba kale kudula matabwa pansi pa mbawa.

"Bambo anati mupalire iyi."

Redson, mkulu wa adzukulu, anabisa manja kumbuyo. "Imeneyo yagwira kale ntchito yake. Ife tikhoma chonchi."

Mwana wa malemu sagwira za bokosi, Raphael ankadziwa. Ankadziwanso kuti akagwira, dzina loipali adzafa nalo. Anavula jekete, nagoneka thabwa loyamba pa benchi, n'kuyamba kupala mudzi wonse ukuona.

Thabwa linkaterereka, palibe woligwirira. Kenaka Maness anadzuka pakati pa amayi, misozi ili chuchuchu, nadzakhalira thabwalo kumapeto.

"Palani, achimwene," anatero. "Atinenere limodzi."