Mizere ya pa Mkuyu

Kumadambo a ku Nyachikadza, pamene Shire amadzigawa timitsinje nkumayenda mozemba m'mabango, munthu samanga nyumba pansi. Amayamba waunjika dothi, chitunda chikwere, kenako nkuzika mitengo pamwamba pake. Ndiye Francisco atafunsira Clotilda, abale a mtsikanayo anangonena chimodzi: mkamwini aunjike chitunda chake mvula isanagwe. Akalephera, ukwati udikire chaka china.

Koma Francisco analibe chaka china. Ankadula nkhuni za sitima yapamadzi, ndipo madzi akadzadza sitimayo inkatsika ku Chinde, kunyanja yamchere, pamodzi ndi anyamata ake onse osakwatira. Clotilda ankadziwa angapo amene anatsika chotero. Sanaonepo wobwerera.

Funso linali lakuti chitundacho chitalike bwanji. Yankho linali pa mkuyu waukulu wa kuseri kwa mudzi. Malemu bambo ake a Clotilda, chaka chilichonse madzi akasefukira, ankapalasa bwato kukadula mzere pa thunthu pamene madziwo alekezera. Mizere ingapo inathithikana m'mawondo, ina inamwazikana m'ntchafu, wina m'chiuno. Koma umodzi unali pamwamba penipeni, pa mphanda ya nthambi, poti munthu wamtali atatambasula mkono sangafikepo.

M'mawa wina anasonkhana pansi pa mtengowo: a Paison, malume ake a Clotilda; mwana wawo Geresomo, amene ankayeza thonje pa sikelo ku Port Herald; mayi ake a Clotilda, a Juliana; ndi Francisco, khasu lili paphewa. Clotilda anaima chapatali, akuchita ngati akutola nkhuyu.

"Nyumba sitimangira chigumula chachikulu," anatero a Paison. "Chikabwera chimenecho tonse timathawira kuphiri. Timamangira chaka chapakati. Taonani apa m'mawondo, mizere yathithikana. Madzi amakonda kufika pamenepa. Chitunda chilekeze pomwepa."

"Pepani bambo, pamenepo m'pamene madzi amabwera kawirikawiri, koma si pakati," anatero Geresomo. "Onani mizere yonse yatsala pamwambayi. Mukufuna msuweni wangayu azikaphika nsomba zikumusambira m'miyendo?"

"Ukanandikwatira iwe, bwenzi ndikusambira mpaka m'khosi," anayankha Clotilda, osatukula mutu.

Onse anaseka. Geresomo anatulutsa chingwe cha mlaza. Anati ku sitolo ya thonje, mitolo ikasiyana kulemera, amaiphatikiza yonse nkuigawa mofanana. Azungu amati avereji. Anayeza mzere uliwonse kuchokera pansi, nkumadula chingwe cha msinkhu wake. Pa mzere wa pa mphanda anachita kukwera. Kenako analumikiza zingwe zonse, napinda chingwe chachitalicho mofanana, mapindo ochuluka ngati mizereyo. Atachiimika pa thunthu, chinafika m'chiuno mwa Francisco.

"Chaka chilichonse chalankhulapo," anatero Geresomo. "Palibe chimene tachikondera."

Francisco anayang'ana chingwecho, nayang'ana kumwamba kumene mitambo inali itayamba kale kusonkhana cha ku phiri la Morrumbala. Dothi lofika m'chiuno, munthu mmodzi ndi dengu limodzi! Anangokonza khasu paphewa. Mkamwini satsutsa apongozi pa tsiku lotere.

Clotilda anakweza maso ku mphanda. Mzere wa pa mphandawo aliyense ankati ndi wa chaka chimene mudzi wonse unathawira kuphiri, bambo ake nabwerera okha pa bwato kukaudula. Iye yekha ndi Francisco ankadziwa kuti madzi sanafikepo pamenepo. Chilimwe cha dzana, masana ena anthu ali kudimba, awiriwo anakwera mu mkuyumo kubisala m'masamba. Francisco anamulonjeza ukwati, ndipo posowa chomupatsa anasolola mpeni wake nadula mzere pa khungwa pakati pa iwo awiri. Tsopano lonjezo lomwelo linali litalowa m'chingwe cha Geresomo, likukoka chitunda kuti chikwere, likukankhira mwini wake ku Chinde.

Akanatha kunena. Koma mtsikana wokwera mumtengo ndi mnyamata asanafunsiridwe, a Paison sakanamumangira ukwati, akanamumangira mlandu.

Anataya nkhuyu zija nayandikira.

"Malume, ndingafunseko?"

"Funsa, mphwanga. Nyumbayo ugonamo ndiwe."

"Ana akaima pamzere, wamfupi uku, wamtali uko, wapakati timamupeza bwanji? Kodi timawadula miyendo nkugawana?"

"Iwe, usandinyozere chingwe changa," anatero Geresomo, akumwetulira.

"Sindikunyoza, msuweni. Chingwe chako chimamvera kwambiri wofuula. Chaka chimodzi chaukali chakoka zaka zonse zofatsa. Ine ndikuti tipeze mzere umene uli ndi anzake ofanana kuchuluka pansi ndi pamwamba."

Anaika dzanja lamanzere pa mzere wapansi penipeni. Lamanja analoza nalo wa pa mphanda. "Awa awiri achoke." Anakweza lamanzere pa mzere wotsatira, natsitsa lamanja pa wa m'chiuno. "Awanso achoke." Anapitiriza chotero, manja akuyandikirana pa khungwa lokakala, mpaka anakumana pa mzere umodzi wa m'ntchafu.

Kudambo kunkamveka mvuu ikupuma.

Geresomo anayendetsa chala pa mzerewo. "Ndiye kuti wapamwamba uja, ngakhale ukanakhala kunsonga kwa mtengo, manja ako akanakumana pomwepa."

"Pomwepa."

"Komatu ukhoza kukhala woona, Clotilda. Madzi aukali aliko. Njira yako siyiwaopa."

"Malume anena kale kuti madzi aukali timawathawa."

A Paison anakanda ndevu. Mapakati atatu pa mtengo umodzi: pamene madzi amakonda kufika, pamene zaka zonse zingafike zitagawana mofanana, ndi pamene pali mzere woima pakati pa anzake. Palibe amene ananama. Anatembenukira kwa mlongo wawo.

"Mwini mwana ndinu, achemwali. Mizereyi anadula ndi amuna anu."

A Juliana anali asanalankhule chiyambire. Anayandikira thunthu, nasisita mizere yapansi umodzi umodzi, monga munthu asisita nkhope imene akuidziwa. Kenako anakweza maso ku mphanda, nayang'ana nthawi yaitali.

"Chitunda chifike m'ntchafu," anatero. "Koma mkamwini awonjezepo chikhatho chimodzi, cha ine mayi wake, kuti ndizigona tulo."

"Takhuta, mai," anathokoza Francisco m'Chisena chake, akuwomba m'manja, mawu akuthothoka. Sanadikire kuti amuuze kawiri. Asanafike n'komwe pamalo ake, khasu linali litatsika kale paphewa.

Amuna atapita, a Juliana anatola dengu lawo. Clotilda anafuna kuwatsogolera, koma anamugwira pa mkono.

"Bambo ako ankadula ndi nkhwangwa," anatero motsitsa mawu. "Moyo wawo wonse sanagwirepo mpeni wosalala chotero. Ndipo chaka tinathawira kuphiri chija, sanabwerere kuno. Anali kudwala, mutu uli pa miyendo yanga."

Clotilda anayang'ana pansi.

"Nanga bwanji simunanene, amayi?"

"Ndimafuna ndione ngati ungadzitulutse wekha m'mene unadzilowetsa." Anamusiya mkono, namupatsa dengulo. "Tenga. Mwambo umati mkamwini aunjike yekha, koma sunanene kuti dengu lisaiwalidwe pafupi ndi pamene akukumba."

Mvula yoyamba inagwa denga litafoleredwa kale. Sitima inaliza lipenga lake potsika ku Chinde, ndipo Clotilda analimva ali pakhomo pake, Francisco akukonza ukonde pambali pake. Madzi a chaka chimenecho anakwera mpaka kunyambita m'mphepete mwa chitunda, chikhatho cha a Juliana chokha n'chimene chinatsala chouma. Atayamba kuphwa, awiriwo anapalasa bwato kupita ku mkuyu. Francisco anasolola mpeni wake, koma Clotilda anamuletsa, namupatsa nkhwangwa ya bambo ake.