Tsiku Limene a Noreen Anaphika Mawaya

A Noreen Blanchard sanali munthu wozungulira ponena nkhani. Mwana wawo Denise atangokhala patebulo, anamuuza mosapsatira.

"Loweruka lino ndi lomaliza. A bandi aja akakukana, Lolemba uvala majombo, tipitira limodzi kufakitale. Kapitawo ndalankhula naye kale, malo alipo pamzere wochotsa minga ya nsomba."

"Ndikaimba ndi chiyani, amayi? Mwini gitala ya besi ija anadzaitenga dzulo."

Chimalizireni sukulu, Denise ankaphunzira pa gitala yobwereka. Tsopano bandi ya kukalabu ya ogwira ntchito padoko inkafuna woimba besi, ndipo anamuitana kuti akamuyese. A Noreen anakwera masitepe, anakoka mpando, n'kutsitsa bokosi lalitali la gitala ya besi limene linali pamwamba pa kabati ya zovala. Chiikireni maliro a amuna awo a Wilf, palibe amene analitsegulapo.

Atalitsegula, m'chipindamo munadzaza fungo la fodya, mowa wouma ndi mafuta a m'tsitsi. Linali fungo la tauni ya Grimsby yakale, nthawi imene doko linkadzaza ndi sitima za nsomba, asodzi akabwera kunyanja n'kuvala masuti, kalabu iliyonse ili ndi bandi yake. A Wilf ankaima pakona pafupi ndi ng'oma, osagwedezeka ngakhale pang'ono, ndudu ataipanikiza kumutu kwa gitala. Anthu ankavina osadziwa kuti akuwavinitsa ndi bambo wachete uja. Masiku ano sitima zinatha, nsomba zimabwera pa lole zitauma ndi ayezi, koma minga ndi yomweyo.

Anatsika nalo bokosilo n'kuliika pamaso pa mwanayo.

"Nayi. Usaigwetse. Mawa tikafune ampu yokwezera mawu."

A Cliff, amene ankaimba ng'oma limodzi ndi malemuwo, anali ndi kasitolo ka zoimbira pafupi ndi msika. Mawa lake a Noreen ndi Denise anapita kumeneko.

"Alamu, mwasochera? Muno sitigulitsa buledi."

"Mukanagulitsa buledi bwenzi muli ndi makasitomala. Mwanayu akufuna ampu ya besi."

Denise anali atafika kale pa chinthu chimene ankachisirira pawindo: ampu yonyezimira itakhala pamwamba pa chibokosi cha masipika chotalika ngati firiji.

"Iyi, amayi."

"Nyamula."

"Ndinyamule?"

"Nyamula, ukweze masitepe awo, utsike nayo. Ukalephera, si yako."

Denise anachikumbatira chibokosicho, koma sichinasunthe.

"Anyamata a bandi azidzandithandiza."

"Anyamata ati? Nthawi yolongedza katundu onse amakhala kubala akumwa, kapena kuseri ndi atsikana. Cha bambo ako ndinkanyamula ndine, iwe uli m'mimba. Utabadwa, tinkachikankha pa kangolo kako koyendetsera khanda, iwe ndikukunyamula m'manja. Msana wangawu sunathe ndi nsomba ayi. Afunse awa ngati ndikunama."

"Ine ndinali ndi ng'oma zanga zonyamula," anatero a Cliff.

"Munali ndi botolo lanu lonyamula."

A Cliff anaseka, n'kupita kuseri. Anabwera akukoka ina yakale, yong'ambika pakona, ampu ndi sipika imodzi yaikulu zili m'bokosi limodzi. Anati yokwanira holo ya kalabu ndi imeneyo, zinazo n'zongodzionetsera. Denise anainyamula, anakwera nayo masitepe akupuma mwawefuwefu, n'kutsika nayo.

A Noreen anayang'ana kapepala ka mtengo.

"Umenewu ndi mtengo wa ampu yokha, kapena pamodzi ndi sitoloyi?"

"Alamu, inenso ndimadya."

"Zikuoneka. Chibokosi cha a Wilf chija chili m'shedi, mukatenge. Muchotsepo theka apa."

"Chija mukugona makoswe."

"Ndiye kuti n'chofunda. Chingwe ndi lamba mutipatse basela."

Anakokerana mtengo mpaka tiyi wa a Cliff anazizira. A Noreen anamanga mpango wawo, anafika pakhomo ngati akupita, ndipo a Cliff anawaitana n'kuvomera. Zimatha choncho nthawi zonse.

Kenako Denise analumikiza besi ya bambo ake, imene anabwera nayo, ku ampu ija, n'kukhudza waya waukulu. Mawu ake anatuluka obuntha, olemera, aafupi, ngati munthu akumenya pansi pa boti ndi chibakera. Sanamveke kwenikweni m'makutu, anamveka m'mimba. A Cliff anasiya kuseka. A Noreen anatembenuka n'kuyamba kuyang'ana malipenga a pawindo ngati akufuna kugula limodzi. Anayang'ana nthawi yaitali.

"Ndi a Wilf enieni amenewo," anatero a Cliff chapansipansi.

"Tamva. Tiye, iwe, mvula itipeza."

Lachisanu a Noreen sanali pantchito. Denise anapita kwa mnzake kukamvera nyimbo za bandi ija pa kaseti, besi anaisiya itatsamira mpando. Kuwala kwa pawindo kunaigwera, ndipo a Noreen anaiona bwino. Litsiro lake. Mawaya akuda bii, khosi lonata, pamimba pake madontho a mowa wa zaka ndi zaka. Mwana wawo akaime pamaso pa anthu ndi chinthu chotere? Anthu akati kwawo kulibe mayi?

Anakumbukira mkazi wa woimba gitala wina wa masiku aja, amene ankawiritsa mawaya a mwamuna wake m'poto kuti alire ngati atsopano. Akazi ambiri a oimba ankatero, chifukwa mawaya anali odula. A Wilf okha ndi amene sankalola. Ankangoti, "Isiye, Noreen." Iwo ankaganiza kuti ndi ulesi wa munthuyo basi, monga mmene sankafunira kuchapitsa chipewa chake.

Anateleka madzi. Anamasula waya woyamba, wachiwiri, wachitatu. Atamasula womaliza, kathabwa kamene mawaya amakhalirapo pamimba pa gitala kanatsetsereka n'kugwera pansi, gobede. Anakatola, anakatembenuza. Panalibe msomali, panalibe guluu. Kanali kongopanikizidwa ndi mawaya. Anakaika pambali, n'kutenga nsanza ndi sopo. Pamene kanakhalapo panali mzere wa litsiro ndi timizere ta pensulo. Anapukuta zonse mpaka thabwa linawala.

Madzi a m'poto anasanduka a bulawuni, mafuta akuyandama pamwamba. Anawataya m'sinki mokhutira. Mawaya atauma, anabwezera kathabwa kaja pamene pankaoneka kuti ndi pakati, n'kumanga.

Denise atabwera, anaima pakhomo.

"Mwaitani?"

"Ndaisambitsa. Unene zikomo."

Mwanayo anakhala pansi, anachuna mawaya, anayamba kuimba. Kumutu kwa khosi zinkamveka bwino. Zala zikamatsikira kumimba, mawu ankapotoka, waya uliwonse ukunama mwa njira yake. Ngakhale a Noreen, amene kutchalitchi ankangotsegula pakamwa, anamva kuti china chalakwika.

"Mwasuntha kathabwaka?"

"Kanagwa kokha."

"Panali timizere apa, amayi. Adadi analemba pamene kayenera kukhala."

"Panali litsiro."

"Mawa ndi Loweruka," anatero Denise. "Ngati mumafuna ndithu ndikachotse minga, mukanangonena."

 A Noreen anayang'ana manja a mwanayo, osalala, zala zazitali ngati za bambo ake. Manja a iwo eni anali otupa, ong'ambika ndi madzi ozizira ndi mchere. Zakufakitale ankazinena pofuna kumuopseza, kuti asachite zinthu mwachibwana. Anavala chikhoti.

"Nyamula. Kulira sikubwezera kathabwa."

Anapeza a Cliff akufuna kutseka. Ataona besi ikuwala, anagwira pakamwa.

"Alamu, mwaphika?"

"Ndawiritsa. Musandifunse zambiri, konzani. Si inu munatigulitsa ampu?"

"Ampu yalakwanji? Mwamasula mawaya onse nthawi imodzi. Besi yamtunduwu amasintha waya umodzi umodzi, enawo azigwira kathabwa." Anapukusa mutu. "Ndipo a Wilf sanasinthepo, sanatsukepo. Ankati chimene chimaimba ndi litsirolo."

"Nanga osandiuza bwanji?"

"Ankakuopani. Tonse tinkakuopani."

"Konzani."

"Ine sindingathe. Makutuwa anatha ndi ng'oma, wailesi ndimaimva ndi maso. Akonze mwini wake." Anakokera Denise mpando. "Khala apa, mwanawe. Liza waya osaugwira. Tsopano ugwire pakati, pamene pali timadontho tiwiri. Mawu ake akhale omwewo, kungoti aang'ono. Akakwera mopitirira, kankhira kathabwako kumbuyo. Akatsika, kabweretse chakukhosi."

Inali ntchito yotopetsa. Kumasula pang'ono, kukankha kathabwa ndi chala, kumanga, kuchuna, kumvetsera, kumasulanso. Waya waukulu ukagwirizana, waung'ono unkakana. Denise anafuna kutaya mtima, koma a Cliff anamuuza kuti kathabwako sikakhala mowongoka, kamapendekera, mbali ya waya waukulu imabwerera kumbuyo. A Noreen sanathe kukhala. Anasesa m'sitolomo, anatsuka makapu a Cliff uku akuwanyoza, anapita kukagula tchipisi ndi nsomba n'kubwera nazo m'pepala. Palibe amene anawalankhula.

Magetsi a mumsewu atayamba kuyaka, Denise anayendetsa zala kuchokera kumutu mpaka kumimba. Mawu onse anatuluka owongoka. A Cliff anamupatsa pensulo, ndipo analemba timizere take m'mbali mwa kathabwa.

Koma atalumikiza ku ampu, sizinali za dzulo zija. Mawu anali owala, akuthwa, olira nthawi yaitali ngati belu. Kubuntha kuja kunalibe. A Noreen anamvetsera, anadikira, mwina kutulukira pa waya wina. Sikunatuluke.

"Sizingabwerere?" anafunsa.

"Munataya m'sinki, alamu," anatero a Cliff. Sananene moseka.

Loweruka masana muholo ya kalabu munali mipando itakwezedwa pamatebulo. A Noreen anatsitsa umodzi kumbuyo kwenikweni, n'kukhala chikwama chili pamiyendo. Makatani a pasiteji anali omwe aja, ofiira, kungoti anasuluka. Pakona pafupi ndi ng'oma, pamene pankaima bambo wachete uja, panaima mtsikana wogwedeza mutu ndi mapewa, wosatha kukhazikika. A Noreen anatseka maso kuti mwina awamve amuna awo. Anamva mwana wawo yekha.

Ataimba nyimbo zingapo, mkulu wa bandiyo, a Rodney, anakweza dzanja.

"Akuti ndiwe mwana wa a Wilf Blanchard?"

"Eya."

"Ndi besi yawo imeneyo? Sukumveka ngati iwo ngakhale pang'ono."

A Noreen anafinya chikwama. 

"Bambo ako ndinkawamvera ndili mnyamata, panalibe wofanana nawo. Koma nyimbo zimene akufuna anthu masiku ano, besi izimveka poyera, ngati mmene yamvekeramu. Ubwere Lachinayi tidzakonzekere. Uli ndi zovala zakuda?"

Denise asanatsegule pakamwa, a Noreen anali atafika kale kutsogolo.

"Zakuda ali nazo, tinagula pamaliro. Malipiro ake akhale ofanana ndi a anyamatawa."

"Mayi, woyamba kumene timamuyambitsa ndi zochepa."

"Mawaya ake ndi ochepa? Akaimba theka la nyimbo, mudzamupatse theka."

Woimba ng'oma anaseka mpaka kugwetsa ndodo. A Rodney anayang'ana Denise ngati akupempha thandizo, koma mtsikanayo anali akukulunga chingwe, maso ali pansi.

"Chabwino, zofanana," anatero a Rodney.

Panja kunali mphepo yochokera kudoko. Denise ananyamula ampu, mayi ake bokosi la besi. Anayenda mpaka pamphambano.

"Kapitawo ndikamuuza Lolemba apatse wina malo aja," anatero a Noreen. "Adandaula, koma ndi zake."

Denise anatsitsa ampu kuti apumule, n'kuwayang'ana mayi ake.

"Mawaya aja adzadanso, amayi."

"Adzada ndi thukuta lako, osati la bambo ako." Anasinthira bokosi kudzanja lina. "Tiye, ndikuzizidwa."