Thanki lodzaza la a Lino

Kuseri kwa nyumba ya Arminda ku Sanjala, mumzinda wa Lichinga, kunali chitsime cha bomba yamagetsi yopopa madzi, ndipo pambali pake panaima thanki labuluu lofika m'chiuno. Woika bombayo anamuuza chinthu chimodzi chokha: pamwamba m'thankimo muzikhala mpweya, chifukwa ndiwo umakankha madzi kuti afike kumpopi. Mpweyawo ukatha, bomba imangoyaka ndi kuzima mpaka kupsa.

Zonse zinkayenda bwino mpaka tsiku limene apongozi ake, a Lino, anatsika minibasi ya chapa kuchokera ku Lione, ati adzaone adzukulu. Mkuluyu anakhala zaka zankhondo kumsasa wa othawa ku Malawi, kumene chigubu chosadzaza chinkatanthauza kugona ndi ludzu. Nkhondo inatha kalekale, koma iwo kuona ndowa ili theka mtima unkawawawabe.

Anagogoda thanki lija ndi chala. Pansi linamveka lolemera, pamwamba gobogobo. Anapeza kavalavu konga ka tayala la njinga, nakabaya ndi kamtengo ka machesi. Mpweya unatuluka, thanki linadzaza, mkulu anasangalala.

Arminda anamva bomba ikulira modukizadukiza ngati munthu wotsokomola, ndipo anachita mantha. Koma apongozi sakalipidwa. Anagwada chapatali n'kunena motsitsa mawu, "Papa, amati mpweyawo ndi wofunika."

"Mpweya sumwedwa, mwana wanga," anayankha a Lino mokoma mtima. "Anakugulitsani thanki la theka, inu osadziwa."

Arminda anaimbira mwamuna wake Stélio, amene amagwira ntchito ku Cuamba. Iye anangoti, "Epa, amenewo ndi papa. Uzingopopamo basi."

Ndiye inakhala ntchito. M'mawa, kuzizira kwa Lichinga kukuluma zala, Arminda ankakhuthula thanki n'kupopamo mpweya ndi pampu ya njinga mpaka kasingano koyezera mpweya kafike pamalo pake. Masana, iye ali kumsika, a Lino ankabwera ndi kamtengo kawo. Palibe ankatchula nkhaniyo. Ankapatsana moni mwaulemu, aliyense akukhulupirira kuti akupulumutsa banja.

Loweruka lina Arminda anachedwa kumaliro, osapopa mpweya m'thanki. Pobwerera anapeza pabwalo pakununkha waya wopserera, ana atazungulira mpopi umene unkangodontha. Bomba inali itatentha moti sinkagwirika, ndipo inali chete.

Sanalire. Analowa m'nyumba, natulutsa chingwe ndi ndowa yakale, n'kuyamba kusuntha chivundikiro cha chitsime.

A Lino anabwera pang'onopang'ono, nagogoda thanki kuyambira pansi mpaka pamwamba. Ponseponse linamveka lolemera.

"Waona, mwana wanga?" anatero, nkhope ili mwee. "Magetsi atikhumudwitsa, koma ife madzi tili nawo. Ladzaza mpaka pakamwa."

Anapita kumpopi kuti amuonetse. Anatsegula, nadikira, natsegulanso mpaka kumapeto. Kenaka anaima pamenepo nthawi yaitali, dzanja lili pampopi wouma, akumvetsera ndowa ya mpongozi wawo ikugunda madzi pansi pa chitsime.